Modyulo ya Marko: pomwe tafika ndi zida zomwe tasankha

Kumayambiriro kwa Meyi

Ena mwayamba kutsatira mochedwa ndiye mukumafunsa ngati tikumasulira Baibulo. Ayi ndithu, ukatswiri umenewo ife tilibe. Nkhani ndi yoti abusa athu opuma ali ndi ndemanga zawo pa Uthenga wa Marko, machaputala onse 16, zina zili mmakope a hadikava zina anazitaipitsa kalekale mu Word pa Chitakale paja, kuonjezera apo pali kadikishonale ka mawu ovuta komwe amayi a Mvano akhala akugwiritsa ntchito pa maphunziro awo. Tikufuna zonsezi zilowe mufoni, munthu akatsegula Marko 4 ndemanga izituluka pambali pa vesi, opanda bandulo opanda netiweki, kaya ali kumunda wa tiyi nthawi ya nkhomaliro kaya ali kuseri kwa phiri komwe foni imangogwira ntchito ya tochi. Kafayilo kotere kolowa mu apu ya Baibulo ndi komwe tikumati modyulo.

Wina anati bwanji osangopanga PDF basi titumize pa WhatsApp. PDF pa kasikirini ka itel umangokhalira kukokera uku ndi uku, komanso abusa akati onani Yesaya 6:9 sungadine kuti vesiyo ibwere. Ndiye ayi.

Tisanakambe za pulogalamu iliyonse tinayamba taona kaye mafoni omwe anthu ali nawo tikaweruka ku tchalitchi. Ambiri ndi itel ndi Tecno, Android yakale, malo odzadza ndi mavidiyo a makwaya. Malaputopu ndi owerengeka. Zimenezi zokha zachotsa kale zida zina pa mzere.

Meyi chapakati

Sabata ino inali yofufuza kuti apu iliyonse imadya fayilo yamtundu wanji, chifukwa kulibe mtundu umodzi wolowa paliponse.

e-Sword ya a Rick Meyers ndi imene abusa ambiri okhala ndi laputopu amaidziwa, mafayilo ake ndi aja othera ndi bblx, cmtx ndi dctx ndipo mkati mwake ndi SQLite, kasungidwe ka zinthu mmatebulo mufayilo imodzi. theWord nayo ndi ya pa Windows, Baibulo lake ndi fayilo wamba yothera ndi ont, vesi imodzi mzere umodzi, mizere 31,102 motsata KJV, Baibulo la Chingerezi la King James, ukadumpha mzere umodzi ku Genesis ndiye kuti mavesi onse mpaka Chivumbulutso asuntha. Zonse ziwiri ndi zabwino koma anthu athu sayenda ndi Windows mthumba. Pa Android pali MySword ndi MyBible, nazonso SQLite koma iliyonse ndi kasanjidwe kakekake, kenako pali AndBible yomwe imawerenga ma modyulo a SWORD a bungwe la CrossWire Bible Society.

Ine ndakokera ku SWORD ndipo sindikubisa. Zida zake zonse ndi zaulere, njira yopangira modyulo inalembedwa poyera, ndipo modyulo yomweyo imatseguka pa AndBible mufoni komanso pa Xiphos kapena BibleTime pa kompyuta osasintha kanthu. Achimwene athu ena a ku Limbuli amakonda MySword ndipo anati iwo sasiya, chabwino, sitikukana, ifikanso nthawi yake. Chachikulu chomwe tagwirizana ndi choti fayilo yeniyeni yomwe tizikonzamo isakhale ya apu iliyonse. Ikhale imodzi, malemba wamba, ndipo ma modyulo onse azichokera mmenemo ngati mmene mbewu yosunga munkhokwe simaiphika, umangotapako yokadzala. Munthu akapeza cholakwika pa MySword asakakonze mu SQLite momwemo, akonze mufayilo yaikuluyo kenako timangenso, apo ayi pakatha miyezi iwiri tidzakhala ndi Marko anayi osiyana ndipo palibe adzadziwe wolondola.

Kumapeto kwa Meyi

Word taitsanzika. Apa ndipomwe panali mkangano weniweni chifukwa achemwali amene akutitaipira anaphunzira pa Word ndipo ndi achangu zedi pamenepo, anati achimwene inu mukufuna ndizilemba pa chinthu chopanda ngakhale bold? Ndinawaonetsa zomwe zimachitika kuseri.

Choyamba ndi kachizindikiro ka mu ng'ombe, m'nyumba, n'chifukwa. Word ikaona wadina kowongoka ija imakasintha yokha kukhala kopindika, pamaso zimaoneka chimodzimodzi koma kwa kompyuta ndi zilembo ziwiri zosiyana. Mu mafayilo akale a abusa muli mitundu yonse iwiri, malo ena muli mpaka kaja kopendekera kumanzere komwe kali pansi pa Esc. Ndiye munthu akafufuza ng'ombe mufoni apeza malo ena, ena osapeza, ndipo aganiza kuti abusa sanalembepo. Mu Chichewa kachizindikiro kameneka kali paliponse, si nkhani yaing'ono ayi. Tasankha kowongoka kokhakokha chifukwa ndi komwe kiyibodi ya foni imapereka msanga. Vuto lake limodzi ndi la SQLite, kuti ukamalowetsa mawu ndi SQL pamanja kachizindikiro komweko ndi kotsekera mawu ndiye kamafunika kulembedwa kawiri, koma zimenezo ndi za sikiriputi, kapulogalamu kathu kokonza malemba kuti alowe mu modyulo, otaipa zisawavutitse.

Chachiwiri ndi ŵ. Abusa ndi a sukulu yakale, amalemba aŵiri, Malaŵi, ŵanthu nthawi zina, ndipo anenetsa kuti tisawachotsere. Ŵ mulibe mu ANSI, kasungidwe kakale ka zilembo ka Windows, ukaseva fayilo mmenemo imasanduka w wamba kapena chizindikiro cha funso. Komanso fayilo ya UTF-8, kasungidwe kokhala ndi zilembo zonse, ukaitsegula ngati ANSI pamalo pa ŵ pamabwera Åµ, ukaona zimenezi usayambe kukonza chimodzichimodzi, fayilo ndi yabwinobwino wangoitsegula molakwika. Palinso kena kobisika, ŵ imatha kulembedwa mitundu iwiri, ngati chilembo chimodzi kapena ngati w ndi kachipewa kake padera. osis2mod, chida cha SWORD chomangira modyulo, imazilumikiza yokha kukhala chilembo chimodzi (NFC) pomanga koma ine ndikufuna fayilo yaikulu ikhale yoyera kuchokera pachiyambi.

Ndiye cholembera chathu ndi Notepad++, UTF-8 yopanda BOM (kachizindikiro kobisika kumayambiriro kwa fayilo), aliyense. VS Code ndinaiyesa, ndi yokongola ndipo imathandiza pa XML, malemba aja okhala ndi ma tagi otsegula ndi otseka, koma pa kalaputopu kathu ka 4GB imalemera komanso imadya batire, ndipo magetsi akathima batire lomwelo ndi lomwe timadalira. Notepad++ imatseguka nthawi yomweyo, imalowa pa fulashi, ili ndi regex, njira yofufuzira mawu potsata kapangidwe kake, pa Find ndi Replace, ndipo imatha kusintha mafayilo onse a mufoloda kamodzi. LibreOffice tangoisunga pa ntchito imodzi, kutsegula ma doc akale aja ndi kuwatulutsa ngati txt.

Juni, chiperoni chavuta

Ntchito yayenda pang'ono, kukuzizira ndipo abusa sakutuluka mmawa. Komabe ndi nthawi imene tathetsa funso lalikulu, loti otaipa azilemba mu chiyani.

Panali njira zitatu. OSIS ndi imene osis2mod imafuna, ndi XML, yamphamvu kwambiri koma kumuuza munthu kuti azilemba zizindikiro zake monga div ndi annotateRef pamanja ndi kumuzunza, kuiwala kutseka tagi imodzi fayilo yonse yakana, ngakhale chizindikiro cha & chokha chimagwetsa zonse. USFM ndi yofewa, \c chaputala, \v vesi, \p ndime, \s mutu, \q1 ndakatulo, ndi imene omasulira Mabaibulo amagwiritsa ntchito mu Paratext ya SIL ndi United Bible Societies. Koma USFM anaipangira malemba a Baibulo enieniwo, ndemanga zotalika za abusa zokamba mavesi asanu ndi anayi pamodzi zimakhalamo mokakamiza. Paratext yeniyeniyo imafuna kulembetsa ndipo ndi ya magulu omasulira, ife si amenewo. Bibledit ndi yaulere ndipo imayenda ngakhale pa Android, ndaisunga yoonera mafayilo a USFM basi.

Njira yachitatu ndi yomwe tatenga ndipo sindikuchita nayo manyazi ngakhale ikuoneka yachikale. Otaipa akulemba malemba wamba ndi zizindikiro zochepa kwambiri. Mzere woyamba ndi $$$ ndiye kuti ndemanga yatsopano yayamba ndipo pamzere pomwepo alembe mavesi ake, mwachitsanzo $$$Marko 4:1-9, kalembedwe kameneka tangobwereka ku imp, mtundu wina wa fayilo wa SWORD. Mzere woyamba ndi # ndi mutu. Mzere wopanda kanthu ndiye kuti ndime yatha. Mawu ochokera mu Baibulo azikhala pakati pa nyenyezi. Basi, zatha, zonse zimakwana pa kapepala kamodzi komwe tamata pa laputopu. Kenako kasikiriputi ka Python kamatenga zimenezi nkutulutsa OSIS, xmllint imaona ngati XML ili bwino, osis2mod imamanga.

Chifukwa changa chenicheni chosankhira njira imeneyi si ukadaulo ayi. Ndikuganizira tsiku lomwe ine sindidzakhalapo, kaya ntchito yanditengera ku Lilongwe kaya kwina. Fayilo ya txt mwana wa Fomu 2 atha kuitsegula ngakhale pafoni nkukonza chilembo. Fayilo ya OSIS ya mizere masauzande anthu adzangoiopa nkuisiya, kenako wina adzayambiranso kutaipa kuchokera mmakope.

Achemwali aja tsopano akuti Notepad++ yawazolowera, chomwe akudandaula ndi choti sikuwalembera mzere wofiira pansi pa mawu, ndinati komatu Word inkalemba mzere wofiira pansi pa Chichewa chonse ndiye munkaona chani.

Juni kumapeto

Maumboni a mavesi. Apa ndiye pali ntchito, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa aliyense wopanga modyulo ya Chichewa adzakumana nazo.

Kuti vesi idinike, apu imafuna dzina la buku la OSIS, Yesaya 6:9 ikhale Isa.6.9 mkati mwa osisRef, Machitidwe akhale Acts, Maliro akhale Lam, Chivumbulutso chikhale Rev. Owerenga aziona Chichewa chokhachokha, Isa uja amabisala kuseri. Ndiye tapanga tebulo la mabuku onse 66, mbali iyi mmene abusa amalembera mbali inayo dzina la OSIS. Vuto ndi loti abusa pa zaka zonsezi sanalembe mofanana. Pena Machitidwe, pena Mac., pena Ntchito, pena Mach. Masalimo pena Sal. pena Mas. Ahebri ndi Aheberi zonse zilimo. Zimenezi ndi zosavuta, umangoonjezera mzere mu tebulo. Zovuta ndi monga Mal., kodi ndi Malaki kapena Maliro? Sikiriputi singadziwe. Malaki ali ndi machaputala 4 ndipo Maliro 5, ndiye Mal. 5 yokha ndi yodziwikiratu, zina zonse zimafuna munthu awerenge chiganizocho. Yo. nayenso chimodzimodzi, Yohane, Yobu, Yona, Yoweli, Yoswa onse akuyankha. Ndalamula sikiriputi kuti isamaganizire, ikakumana ndi dzina lomwe mulibe mu tebulo kapena lokhala ndi matanthauzo awiri iime ndipo itchule mzere wake. Wina anati ingosankha lodziwika kwambiri tipite patsogolo, ine ndakana, umboni wolakwika mu ndemanga ndi woipa kuposa umboni wosadinika chifukwa munthu amaukhulupirira nkukalalikira nawo.

Pali kenanso, abusa amakonda kulemba onaninso 8:31 ndi 10:33 osatchula buku chifukwa tili mu Marko momwemo. Sikiriputi tsopano ikaona nambala zopanda buku imatenga Marko, koma ngati mchiganizo chomwecho atchula kale buku lina imaima nkufunsa. Regex yogwira maumboniyi inkagwiranso nthawi, pamalo pomwe analemba za pemphero la 6:30 mmawa inapanga Marko 6:30, ndiye panopa mawu oti mmawa, masana kapena madzulo akatsatira imadumpha.

Mndandanda wa malo okayikitsa ndimausindikiza nkupita nawo kwa abusa pa kabaza, timakhala pakhonde iwo ndi Baibulo lawo lakale ine ndi cholembera. Amakumbukira pafupifupi onse osatsegula nkomwe. Pena amayamba kulalikira vesiyo pomwepo ndiye tsamba limodzi limatitengera masana onse, koma sindiwadula.

Julayi kumayambiriro

Zinthu ziwiri zomwe zikanatipweteka mtsogolo.

Yoyamba ndi kasanjidwe ka mavesi. Modyulo ya SWORD imafuna unene Versification, pomanga ndi -v komanso mufayilo ya conf yomwe imauza apu za modyuloyo, ndipo ziwirizi zikasiyana ndemanga imakatuluka pa vesi ina. Ife taika KJV, momwe Marko ali ndi mavesi 678. Pa Marko kusiyana kwa manambala si kwakukulu koma pali mavesi omwe Mabaibulo ambiri atsopano amawaika mmunsi kapena kuwadumpha, Marko 7:16, 9:44, 9:46, 11:26 ndi 15:28, kuonjezera mathero aja a 16:9-20 omwe amabwera ndi chenjezo. Abusa analembapo ndemanga pa ena mwa amenewa. Ndiye tagwirizana kuti ndemanga yotere isamangiriridwe pa vesi yokhayo, izitenga ndi vesi yoyandikana nayo, mwachitsanzo 9:43-44, kuti amene Baibulo lake ladumpha aipezebe. Tikadzafika pa Masalimo kapena Malaki nkhaniyi idzakula, Malaki 4 wa KJV mu kasanjidwe ka Chiheberi ndi 3:19-24, koma zimenezo ndi za mtsogolo.

Yachiwiri ndi ya umwini. Anthu akumafunsa kuti bwanji osangoikamo Buku Lopatulika lomwelo poti ndi lomwe abusa amawerenga ndipo linatuluka kale mu 1922, kapena Buku Loyera la 1998. Mabuku amenewa ali ndi owayang'anira, Bible Society of Malawi, ndipo kuti fayilo ikuyenda pa mafoni a anthu sizikutanthauza kuti ife tili ndi chilolezo choigawa. Ngati tidzawafune tidzalemba kalata kudzera ku mpingo. Pakadali pano ndemanga siyikufuna kuti Baibulo likhale mkati mwake, imangomangiriridwa pa nambala ya vesi ndiye imayenda ndi Baibulo lililonse lomwe munthu ali nalo mu apu. Poyesera tikugwiritsa ntchito Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero lomwe a Biblica analitulutsa ndi laisensi ya Creative Commons BY-SA, ndinatenga USFM yake, u2o.py inaisandutsa OSIS, ndamanga popanda vuto. Laisensiyo imafuna kuti uthenga wa umwini ukhalepo ndiye ndaukopera wonse pa mzere wa About mu conf.

Abusa nawonso tinawafunsa za ndemanga zawo kuti tilembe chani pa DistributionLicense, mzere wa conf wonena za chilolezo chogawira. Poyamba anangoti mwana wanga gawirani anthu basi. Ndinawapempha kuti zimenezo zilembedwe papepala asayine pamaso pa akulu ampingo ndi ana awo, osati chifukwa chowakayikira koma mawa wina asadzayambe kugulitsa pa memore khadi ku msika wa Limbuli ife nkusowa chonena. Avomera, agawe aliyense mwaulere koma osagulitsa ndi osasintha mawu.

Julayi chapakati

Machaputala 1 mpaka 6 amangidwa ndipo ali mmafoni a anthu oyesera. Conf yake ndi yaifupi, ModDrv=zCom, SourceType=OSIS, Encoding=UTF-8, Lang=ny, DataPath yoloza ku modules/comments/zcom. Zonse timaika mu zip yokhala ndi mods.d ndi modules, munthu amalandira pa Bluetooth kapena Xender nkuilowetsa mu AndBible. Kafayiloko ndi kakang'ono kuposa chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp, cholemera ndi apu yeniyeniyo ndiye nayonso tikugawirana pamanja.

Zomwe oyesera anena zandithandiza kuposa zomwe ndinkaona ndekha pa laputopu. Mayi wina wa Mvano anati ndime ndi zazitali, chala chikutopa asanafike pothera, ndipo ndi zoona, ndime yomwe mukope ikuoneka bwino pa foni imadzadza sikirini katatu. Tapempha abusa atilole kudula ndime osasintha liwu, alola. Aphunzitsi ena a Sande sukulu anapeza kuti mitu ina ikutuluka kawiri, vuto linali mu sikiriputi ndipo lakonzedwa. Ŵ ikuoneka bwino pa mafoni onse omwe tayesa, apo ndinali ndi nkhawa. Mnyamata wina wa ku Muloza wafunsa ngati tingadzaikemo mawu a Chilomwe mu kadikishonale poti agogo ambiri kuno amamva bwino akamva liwu lakwawo, ganizo labwino, ndalilemba koma si la pano.

Kadikishonale sikanayambe kumangidwa. Pali njira ziwiri, imp2ld yomwe ndi yachangu kapena TEI, mtundu wina wa XML, kudzera mu tei2mod yomwe imasiyanitsa bwino liwu, tanthauzo ndi maumboni. Ndikupendekera ku TEI poti sikiriputi yomweyo itha kuitulutsa. Chomwe sitinagwirizane ndi kasanjidwe, kodi Mfarisi ndi Afarisi akhale pamodzi pansi pa liti, nanga kubatiza, ubatizo ndi Mbatizi? Amayi akuti iwo amafufuza liwu mmene lalembedwera mu vesi, ndiye mwina lililonse likhala ndi malo ake nkumalozera ku limodzi lalikulu.

Pa kasungidwe, ine ndikugwiritsa ntchito git, yosunga mbiri ya zonse zomwe zasintha, pa laputopu yanga yokha, ena sindinawakakamize. Otaipa amanditumizira txt ngati document pa WhatsApp, ndimafananiza ndi yakale pa WinMerge kuti ndione chomwe chasintha ndisanailowetse, Loweruka lililonse zonse zimapita pa fulashi yomwe imakhala ku ofesi ya mpingo osati kwathu.

Sabata ino

Chaputala 7 ndi 8 zataipidwa, zikudikira kuwerengedwa ndi munthu wachiwiri, ndipo lamulo ndi lomwe lija, wotaipa asadziwerengere yekha. Kope la chaputala 9 mpaka 11 linanyowapo ndi mvula nthawi ina ndipo inki inafalikira, masamba amenewo abusa aziwerenga mokweza achemwali akutaipa. Chaputala 13 abusa akuti akufuna alembenso mbali ina tisanaigwire, ndiye tiidumpha kaye tipite ku 14.

Achimwene a ku Limbuli abweretsa foni yawo Lachisanu kuti tiyambe mbali ya MySword, nditsegula fayilo ya ndemanga ya cmt.mybible ina yomwe ali nayo kale pa DB Browser for SQLite ndione matebulo ake kenako ndionjezere potulukira pachiwiri mu sikiriputi. Tikufunabe anthu awiri owerenga Chichewa mosamala oti atenge chaputala 7, makamaka amene ali ndi foni yakale kwambiri, mundipeze tikaweruka Lamulungu mubwere ndi tchaja yanu.